Chomwe chimakoka wogula watsopano: zimene zinachitika m'timagolosale ta ku South Africa

CAPE TOWN – M'mayiko ambiri a kum'mwera ndi pakati pa Africa, munthu akapeza kampamba, bizinesi yomwe imabwera msanga m'maganizo ndi ya kagolosale. Ku Malawi amati okala, ku Zambia kantemba, ku Zimbabwe tuckshop, ku Mozambique barraca, pamene m'malokeshoni a ku South Africa amati spaza. Mayina ndi osiyana koma katundu ndi mmodzimodzi: shuga, mchere, sopo, buledi, mafuta ophikira, machesi, makandulo ndi mayunitsi a foni. Vuto nalo ndi limodzi. Popeza aliyense akugulitsa zofanana ndi za mnzake, n'chiyani chingachititse mayi amene wakhala akugula pa okala imodzi kwa zaka zisanu kuti lero ayilambalale n'kukalowa pa ina?

Akatswiri otsatsa malonda amayankha funsoli potchula zikwangwani, wailesi, masamba a intaneti ndi mipikisano. Zonsezo zili ndi malo ake, koma zimalira ndalama zomwe mwini okala alibe. Yankho lina linaonekera poyera m'malokeshoni a ku South Africa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. M'zaka zimenezo ogula ambirimbiri anasiya masitolo a anansi awo, anthu omwe anakulira nawo limodzi ndi kupemphera nawo m'tchalitchi chimodzi, n'kuyamba kugula kwa alendo ochokera ku Somalia, Ethiopia ndi Bangladesh. Alendowa analibe achibale m'deralo, chilankhulo ankachidziwa mwapatalipatali, ndipo sankadalira kulengeza malonda pa wailesi kapena m'nyuzipepala. Komabe mizere ya ogula inasamukira pa mawindo awo.

Sitolo yobisika m'nyumba

Spaza inabadwa m'nthawi ya ulamuliro wa tsankho. Malamulo a nthawiyo ankapondereza anthu akuda pa nkhani ya malonda: chiphaso cha bizinesi chinali chovuta kupeza, ndipo opatsidwa mwayi ankaikiridwa malire pa mitundu ya katundu yomwe akanagulitsa. Kaamba ka ichi, anthu anayamba kugulitsira pa windo la nyumba kapena m'kachipinda ka kuseri, mopanda chikwangwani. Timasitolo timeneti tinachuluka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mwini wake kawirikawiri anali mayi kapena bambo wa pakhomopo, ndipo phindu linkathera m'mphika wa tsiku lomwelo. Mitengo inali yokwera poyerekeza ndi ya m'tauni, koma m'tauni munali kutali ndipo ulendo wake unkalira ndalama ya thiransipoti. Wogula analibe kolowera.

Ulamuliro wa demokalase utafika mu 1994, zinthu ziwiri zinasintha. Choyamba, makampani akuluakulu monga Shoprite ndi Pick n Pay anayamba kulowa m'malokeshoni, ndipo ku Soweto kunamangidwa misika yamakono monga Maponya Mall yomwe inatsegulidwa mu 2007. Chachiwiri, lamulo la othawa kwawo la mu 1998 linapatsa anthu ovomerezedwa kuti ndi othawa nkhondo ufulu wofuna ntchito, ndipo dzikolo silisunga anthu otere m'misasa. Asomali omwe anathawa nkhondo imene inabuka boma la Siad Barre litagwa mu 1991 anali m'gulu la oyamba kupezerapo mwayi. Pokanika kupeza ntchito m'makampani, iwo ankachita lendi chipinda kapena kontena pabwalo la nyumba ya munthu m'lokeshoni n'kutsegula spaza.

Kafukufuku yemwe bungwe la Sustainable Livelihoods Foundation linachita ku Delft, lokeshoni ina ya mu mzinda wa Cape Town, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2012, anapeza kuti pafupifupi theka la maspaza a m'deralo linali kale m'manja mwa alendo. Chaka chotsatira, ofufuza a pa yunivesite ya Witwatersrand, Vanya Gastrow ndi Roni Amit, anatulutsa lipoti lotchedwa Somalinomics lofotokoza momwe amalonda a Chisomali ankayendetsera masitolo awo m'chigawo cha Western Cape. Zomwe anapeza si zamatsenga. Ndi zinthu wamba, zomwe wamalonda wa ku Ndirande, ku Kanyama kapena ku Mbare angazimve popanda womasulira.

Mtengo wa buledi aliyense amaudziwa

Chokoka choyamba chinali mtengo. Mphekesera zinkati alendowa ali ndi kopikula kwawo kwachinsinsi, koma ofufuza a ku Witwatersrand anaona kuti ambiri ankapikula m'zipiku zomwezo zomwe eni nthaka ankapikulamo. Kusiyana kunali pa kapikulidwe ndi kaikidwe ka phindu. Iwo ankayendera zipiku zingapo kufunafuna katundu wotsitsidwa mtengo, ankanenerera, ankasonkherana ndalama ya galimoto imodzi yonyamula katundu wa masitolo angapo, kenaka pogulitsa ankaikapo phindu lochepa.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti wina akudya phindu la R2 pa buledi mmodzi ndipo akugulitsa buledi 10 pa tsiku. Madzulo ali ndi R20. Mnzake akudya R1 yokha koma akugulitsa buledi 40. Madzulo ali ndi R40. Chachikulu kwambiri si R20 yowonjezerayo. Ndi anthu 30 omwe aponda pa sitolo yake m'mawa umenewo, chifukwa wobwerera buledi sachedwa kukumbukira kuti kunyumba kulibenso majarini, masamba a tiyi kapena machesi.

Pali chifukwa chomwe njirayi imagwirira ntchito pa katundu wina osati pa katundu yense. Wogula sasunga m'mutu mitengo ya zinthu 200 zomwe zili pa mashelefu. Amasunga mitengo ya zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zomwe amagula pafupipafupi: buledi, shuga, mafuta ophikira, ufa, mkaka ndi sopo. Polishi wa nsapato amagula kamodzi pa miyezi itatu ndipo mtengo wake amaiwala. Mbiri yoti “uko n'kotchipa” imamangidwa pa zinthu zochepa zodziwikazo, ndipo ndi mbiri imeneyo yomwe imayenda pa mjigo, pa siteji ya minibasi ndi pa maliro.

Koma apa m'pamene ambiri amagwera m'dzenje. Kutsitsa mtengo usanatsitse ndalama zomwe ukuwononga popikula ndi kudya mpamba. Mwini okala amene amakwera yekha minibasi kupita m'tauni kukapikula katoni imodzi ya sopo, n'kulipiranso mpando wa katoniyo pobwera, sangapikisane ndi anthu asanu omwe agawana mtengo wa galimoto imodzi. Akatsanzira mtengo wawo osatsanzira kapikulidwe kawo, ogula adzabweradi, adzasesa mashelefu, ndipo pakutha pa miyezi iwiri padzakhala palibe ndalama yobwezeretsera katundu. Kugwirizana ndi munthu yemwe ukulimbirana naye ogula n'kovuta, ndipo pamafunika kukhulupirirana pa ndalama. N'chifukwa chake mbali imeneyi ndi yomwe yakhala ikukanika eni timasitolo ambiri, ngakhale onse amaona ubwino wake.

Kugulitsa molingana ndi thumba

Chokoka china chinali muyeso. Munthu wodalira ganyu sagula za mwezi. Amagula za chakudya chimodzi. Amalonda omwe anakopa ogula atsopano ankagawa katundu m'timapaketi ting'onoting'ono: shuga wokwanira tiyi wa m'mawa, mpunga wokwanira mphika umodzi, dzira limodzi, theka la buledi. Chimenechi si chachilendo m'chigawo chino. Kathumba ka ufa ka nsima imodzi ku Malawi amati wokumani, ku Zambia amati pamela, ndipo ku Zimbabwe timapaketi totere amati tsaona, kutanthauza za pangozi. Sitolo yaikulu singagawe katundu motere, ndipo apa m'pamene kagolosale kamaiposa.

Kwa wogula watsopano, muyeso waung'ono uli ndi ntchito inanso: umachepetsa mantha. Munthu amene sakudziwa ngati mafuta a pa sitolo yatsopanoyo ndi osasungunula, kapena ngati sikelo yake ndi yachilungamo, sangayambe ndi malita asanu. Amayamba ndi oyeza a ndalama yochepa. Akakhutira, sabata yamawa amagula botolo. Amayi a m'misika anadziwa kale zimenezi. Banyira, yemwe ku Zambia amati mbasela, ndi njira yogulira ulendo wachiwiri wa wogula ndi tomato mmodzi.

Mbali inayo, pa kutha kwa mwezi amalonda a ku Western Cape ankamanga phukusi la katundu wofunika pakhomo, monga ufa, mpunga, shuga ndi mafuta, n'kuligulitsa pa mtengo umodzi wotsikirapo. Phukusili linkalimbana mwachindunji ndi ulendo wa ku sitolo yaikulu: wogula akawerengera ndalama ya thiransipoti ndi ntchito yonyamula matumba, ankaona kuti kugula pafupi n'kwanzeru.

Mawu oti “zatha”

Pali mawu amodzi omwe amathamangitsa ogula kuposa mtengo wokwera, ndipo mawuwo ndi oti “zatha”. Munthu akafika kawiri pa windo n'kubwezedwa, kachitatu miyendo yake imalowera yokha kwina, ndipo kumeneko akagulanso zomwe akanagula pano. Masitolo a alendo ankadziwika ndi mashelefu odzaza ndi katundu wamitundumitundu, chifukwa phindu lambiri linkabwerera m'sitolo m'malo mothera pa zofuna za pakhomo. Mwini okala amene amatapa shuga wa pa shelefu kukathira m'tiyi wa alendo, osalemba, amakhala akuthamangitsa wogula wa mawa mosazindikira.

Nthawi yotsegulira nayo ndi katundu. Wopita ku ntchito amafuna buledi kusanache, ndipo wobwera ku ntchito amafuna kandulo kapena mayunitsi a magetsi kutada. Pa maola amenewo sitolo yaikulu imakhala yotseka, ndipo wogula amalowa paliponse pomwe pakuwala nyali. Makasitomala ambiri okhazikika anayamba motero: sanasankhe sitoloyo, anangoipeza yotsegula usiku wina. Chimodzimodzi ntchito zina zomwe phindu lake ndi lochepa, monga kugulitsa mayunitsi a foni ndi a magetsi kapena kukhala ejenti wa Airtel Money, Mpamba, EcoCash kapena M-Pesa, zimabweretsa mapazi a anthu omwe sakanabwera chifukwa cha sopo.

Tisaiwalenso kuti m'madera athu wogula woyamba kuchokera pa khomo lililonse kawirikawiri si mwini ndalama. Ndi mwana wotumidwa. Mayi amaweruza sitolo yomwe sanaionepo poyang'ana zomwe mwanayo wabwera nazo m'manja: kodi chenje chakwana, kodi dzira ndi labwino, kodi wapatsidwa buledi wa dzulo poona kuti ndi mwana? Wamalonda amene amabera ana chenje, kapena kuwasiya ayime pamene akuthandiza akuluakulu obwera pambuyo, amataya mabanja athunthu omwe nkhope zawo sanazionepo.

Kabuku ka ngongole

Ngongole ndi nyambo yamphamvu kuposa zonse, komanso ndi yomwe yapha timagolosale tambiri. Ku South Africa boma limapereka ndalama za mwezi ndi mwezi kwa okalamba, olumala ndi olera ana, choncho wamalonda akakongoza gogo amadziwa tsiku lomwe ndalama idzafike. Ofufuza anapeza kuti amalonda ena a Chisomali ankakongoza makasitomala odziwika, makamaka olandira ndalama zimenezi, ndiponso ankalola wogula amene ndalama yamuperewera pang'ono kutenga katundu. Chifundo chaching'ono chotere chimakambidwa m'mudzi kuposa chikwangwani chilichonse.

Chodabwitsa n'chakuti kukhala mlendo kunali ndi ubwino wake pa nkhaniyi. Mlendo angathe kukana. Mwini nthaka, amene wokongolayo ndi mlamu wake, mkulu wa mpingo wake kapena mnzake wa ku sukulu, amavutika kukana ndipo amachita manyazi kulonjerera. Pamene palibe tsiku lodziwika la malipiro, monga momwe zilili kwa alimi ndi aganyu m'mayiko ambiri a m'chigawo chino, kabuku ka ngongole kamanenepa pamene mashelefu akuonda. Ndipo wokongola amene walephera kubweza sabweranso. Amazemba njira, n'kumakagula ndi ndalama m'manja kwa mnzako. Ngongole ndi yosungira kasitomala yemwe wadziwika kale khalidwe lake. Kuigwiritsa ntchito pokopa munthu wachilendo n'kutchova juga.

Mtengo womwe suoneka pa shelefu

Kungakhale kunama kufotokoza nkhaniyi ngati ya chipambano chokhachokha. Maola ataliatali aja ankatheka chifukwa ambiri mwa ogulitsawo anali anyamata opanda mabanja pafupi, ogona m'sitolo momwemo kuseri kwa matumba a ufa. Mayi wolera ana, amene ayenera kuphika, kupita ku chipatala ndi ku maliro, sangakhale pa windo kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Kukhala ndi ndalama m'kontena usiku kunkaitananso achifwamba, ndipo amalonda ambiri achilendo aphedwa ndi mbava zamfuti m'malokeshoni.

Kusamuka kwa ogula kunabalanso mkwiyo. Pa zipolowe zodana ndi alendo za mu May 2008, zomwe zinayambira ku Alexandra mu mzinda wa Johannesburg, anthu osachepera 62 anaphedwa, masitolo ambiri anaphwasulidwa, ndipo nzika zambiri za Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe zinathawira kwawo. Ku Khayelitsha mu 2008 ndi ku Gugulethu mu 2009, magulu a amalonda a m'deralo anachititsa mapangano oika malire pa masitolo a Asomali, monga kuletsa kutsegula atsopano. Mapangano otere amateteza wogulitsa kwa kanthawi, koma safunsa wogula chomwe chinamuchotsa pa windo lakale.

Mkangano umenewu suli ku South Africa kokha. Mu April 2016 masitolo ambiri a anthu ochokera ku Rwanda anaphwasulidwa m'makomboni a mu Lusaka potsatira mphekesera zokhudza kuphedwa kwa anthu. Ku Malawi, mu May 2023, boma linayamba kugwira othawa kwawo omwe ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni, ambiri mwa iwo ochokera ku Burundi ndi Rwanda, n'kuwabwezera ku msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa, ndipo magolosale awo anatsekedwa. M'malo onsewa dandaulo la amalonda a m'dzikomo linali lofanana: alendo akulanda makasitomala.

Pamene chikhulupiriro chasweka

Zomwe zimamangidwa ndi mbiri zingathenso kugwetsedwa ndi mbiri. Mu October 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, m'dera la Soweto, ndipo zinamveka kuti anadya zakudya zogula pa spaza. Kupima kunaonetsa kuti anaphedwa ndi terbufos, mankhwala oopsa a ku munda omwe amagulitsidwa mozemba m'malokeshoni ngati ophera makoswe. Mantha anagwira makolo m'dziko lonse, m'madera ena masitolo anatsekedwa ndi anthu okwiya, ndipo ngakhale amalonda omwe sanalakwe kanthu anavutikira limodzi.

Polankhula ku mtundu wonse pa 15 November 2024, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anati ana osachepera 22 anali atamwalira m'masabata ochepa chifukwa cha zakudya zoipa. Iye anatsindika kuti panalibe umboni woti wina ankathira ana poizoni mwadala, kapena woti vutoli linali m'masitolo a alendo okha. Anatchula kusasamala zinyalala m'makhonsolo, komwe kumachulukitsa makoswe n'kuchititsa anthu kugula mankhwala oletsedwa, komanso mchitidwe wosunga mankhwala pafupi ndi zakudya. Analamula kuti spaza iliyonse ilembetse ku khonsolo pasanathe masiku 21, ndipo nthawiyi pambuyo pake inatalikitsidwa kufika pa 28 February 2025.

Ngoziyi inakhudza mwachindunji njira imodzi yomwe tafotokoza pamwambapa. Timapaketi togawa, tomwe timakopa wogula wa ndalama yochepa, tilibe chizindikiro cha kampani, tilibe tsiku lothera ntchito, ndipo palibe amene amaona momwe tinamangidwira. Wogula amangokhulupirira manja a wogulitsa. Kwa wamalonda wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete amene amagawa shuga, mafuta ndi zokazinga za ana, izi zikutanthauza kuti kuyezera katundu pamaso pa wogula, kusunga mankhwala a makoswe ndi a mbewu kutali ndi zakudya, ndi kuchotsa pa shelefu katundu wopitirira masiku, ndi mbali ya ntchito yokopa makasitomala monga momwe ulili mtengo wa buledi.

M'mawu ake omwewo a mu November, Ramaphosa analengezanso thumba la ndalama zokwana R500 miliyoni zothandizira mabizinesi ang'onoang'ono a m'malokeshoni ndi m'midzi. Thumbali linakhazikitsidwa mu April 2025. Limathandiza eni maspaza omwe ndi nzika za South Africa kugula katundu, kukonza malo ogulitsira ndi kuphunzira kayendetsedwe ka bizinesi ndi kasamalidwe ka zakudya.